Ndinam'mana dzina loti Bwana, nkhwani wanga unafota

Dimba langa ndinalipha ndekha chifukwa cha makani. Inu owerenga, ine si munthu wovomera kulakwa kawirikawiri, ndiye tcherani khutu.

Nditathawa ndale kumudzi, ndinapeza ntchito kunja, kudziko la azungu, ku Tottenham, pa fakitale yonyika nsalu mu utoto. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma ndinafika pa ukapitawo. Mwini fakitale anali mzungu waphokoso, ndudu pakamwa, wosapempha nzeru kwa munthu. Ndinkamukonda. Madzi otsala a utoto ankati titayire m'ngalande yakuseri, ife n'kumataya.

Atadwala, mpando anatenga mwana wake wamkazi, munthu wofatsa, wa mafunso ambiri. Sabata yoyamba anagula migolo, nalamula kuti madzi onse a utoto azithiridwa mmenemo, lole izidzatenga. Ine ndinati zachikazi izi, zosesasesa. Dzina loti Bwana ndinam'mana. Ndinkamuitana kuti Dona, iye n'kumavomera akumwetulira, osadziwa kuti kwathu dona ndi mkazi wa bwana chabe. Akangotembenuka, ndinkatsegula mpopi wa kungalande monga kale. Kugubuduza migolo kunkandichedwetsa.

Tsono ndinali ndi kadimba kobwereka ku khonsolo, kumunsi kwa msewu. Nkhwani wanga unali wotchuka kutchalitchi. A ku Malawi ndi a ku Zambia ankachita kulimbirana Lamulungu. Chaka chimenecho kunachita ng'amba, ndiye madzi othirira ndinkatunga m'kamtsinje kapafupi. Komwe ngalande yathu inkathera sindinafunsepo.

Masamba anayamba kufota. Tsiku lina mayi akunyumba anasuzumira mu ndowa, naseka mpaka kukhala pansi.

"Bambo a Chikondi, maungu anuwa mukufuna avale yunifolomu?"

Madzi anali a buluu, buluu yemweyo wa nsalu za anamwino zomwe tinanyika sabata imeneyo.

Eni madimba ena anakadandaula kufakitale. Ndinalowa mu ofesi ndikudziwa kuti ntchito yandithera, ndipo ndinaulula zonse ndili chilili. Dona uja sanakalipe. Anavala magambuti, nati ndimuperekeze. Tinalondola ngalande ija wapansi mpaka pa maungu anga akufa. Pomwepo anandifunsa tanthauzo la dona. Kani a Tembo, mnzanga wa ku Chipata, anali atam'nong'oneza kale. Ndinayankha zoona.

"Nanga bwana mwiniwakeyo ali kuti?" anafunsa.

Ndinavula chipewa. "Ndi inuyo, Bwana."

Sanandichotse. Anandiika kuti ndiziyang'anira migolo yomwe ija, ndipo mpaka ndinapuma pantchito palibe dontho linagwera m'ngalande. Kadimba kanatenga zaka ziwiri kasanaberekenso, ndipo mayi akunyumba sanaleke kunditcha telala wa maungu.

Amuna anzanga, mkulu wa ntchito musamuyeze ndi ndevu kapena kukula kwa mawu. Onani komwe amatayira nyansi za kampani yake. Ndipo musanatsegule mpopi, yambani mwafunsa amene akutunga kumunsi. Mwina ndi inu nomwe.