Ndinasokera nkhuku m'matiresi a mwana wa achemwali

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera mlandu. Ine sindinagonepo ku boding'i ngakhale tsiku limodzi. Sekondale ndinkayendera wapansi kuchokera kwathu ku Zingwangwa. Ku koleji ndinakhalako masemesita atatu, kenako ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, ngakhale kuti kalata yosiyanirana analemba okha ndi iwowo. Koma kubanja kwathu masemesita atatu ndi digiri. Nkhani iliyonse yofuna cholembera imabwera kwa ine.

Ndiye Tadala, mwana woyamba wa achemwali anga a ku Manje, atakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira ku sekondale ya atsikana yogonera konko, achemwali anandiitanitsa. Anati, "Achimwene, mwanayu mumulangize ndinu, ife za ku boding'i sitizidziwa." Pamenepo munthu wanzeru akanati nanenso sindizidziwa. Ine ndinapempha mpando.

Milungu iwiri yathunthu ndinkakwera chitunda cha ku Manje masana alionse kukaphunzitsa mwana zinthu zimene ndinatola kwa anzanga ku koleji ndi m'maminibasi. Ndinamuuza kuti a Fomu 3 ndi a Fomu 4 ndi zilombo. Amasecha masutikesi, amalanda shuga ndi chiponde, ndipo akakugwira ukubisa chakudya umawachapira zovala mpaka teremu kutha. Ndinamuuza kuti asakhulupirire munthu, asauze munthu kanthu, ngakhale amatironi oyang'anira hositelo. Tadala ndi mwana wofatsa, woti wamkulu akayankhula iye amalemba. Ankalembadi m'kope, n'kumaika manambala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, achemwali anapha nkhuku n'kuikazinga kuti mwana akadyere masiku oyamba. Apa m'pamene maphunziro anga anaonekera poyera. Ndinalengeza kuti nkhuku ya m'sutikesi siona dzuwa likulowa. Ndinatenga matiresi atsopano amene alamu anagula ku Limbe, ndinadula nsalu chakumutu, ndinakumba siponji ndi mpeni, ndinakulunga nkhuku m'majumbo awiri n'kuikankhira mkati. Ndinasoka. Ndipo ndinasoka bwino, inu, telala akanachita nsanje. Alamu anangoti, "Koma alamu, zimenezi n'zoona?" Ndinawafunsa ngati anapondako ku koleji. Anangotola zidutswa za siponji n'kukataya. Mwana ndinamupatsa lezala woti akatumbulire akakhala yekha.

Chimene mutu wanga sunafikepo n'chakuti ku hositelo munthu sakhala yekha. Tadala anakapatsidwa bedi la m'mwamba, pakati penipeni pa chipinda, pansi pake pakugona mtsikana wa Fomu 3. Nthawi ya makalasi chitseko chimakhomedwa. Chikatsegulidwa amalowa onse. Lezala anali naye, mpata analibe.

Mukudziwa mmene Seputembala amaotchera pansi pa malata. Tsiku lachitatu kafungo kanayamba. Atsikana anati khoswe wafera kudenga. Tsiku lachisanu anatulutsa masutikesi onse, anakoka mabedi, anakolopa ndi mankhwala. Mwana wa achemwali anga anagwira nawo tsache n'kumasakasaka khosweyo, akudziwa kuti ali pansi pa pilo wake. Amatironi anafunsa ngati pali amene akusunga kanthu. Iye anatsatira malangizo a ankolo ake ophunzira, anatseka pakamwa. Anasiya kudya, chifukwa chilichonse chinkamununkhira chimodzimodzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu majumbo anaphulika, madzi anadutsa siponji, mphutsi zinayamba kugwera pabulangete la mtsikana wa pansi uja.

Foni inapita kwa achemwali, ndipo achemwali anandipeza. Titafika, amatironi anatitengera kuseri kwa hositelo kumene matiresi anali atagonekedwa padzuwa, ntchentche zobiriwira zitachita msonkhano. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Telala wake ndinu, eti bambo? Tumbulani." Anandipatsa lezala wanga yemwe uja.

Ndakhalapo pafupi ndi ngalande za mumsika wa Zingwangwa mvula itagwa, koma zija n'zonunkhira. Chimene chinatuluka m'matiresi muja sichinalinso nkhuku. Chinali phala lotuwa, loyenda lokha, mafupa akusambiramo. Linanditsikira m'manja mpaka m'chigongono. Ndinasanzira pansapato zanga, atsikana atadzaza m'mawindo onse. Tadala anaima potero ndi yunifomu yake yatsopano, akuyang'ana pansi, osalira n'komwe. Bola akanalira.

Nditasamba, amatironi anandionetsa kachipinda kena. Munali mashelefu, paliponse dzina la mwana, pali shuga, chiponde, mabisiketi, zonse zili phee, kiyi ali ndi iwowo. Za nyama yophika anati amauza ana kuti adye tsiku lomwelo ndi anzawo. Zinalembedwanso pakalata yoitanira ana imene sukulu inatumiza kwa achemwali, tsamba lachiwiri. Ine ndinawerenga loyamba. Nanga mtsikana wa Fomu 3 uja, chilombo chija? Ndi amene anapatsidwa udindo wosamalira Tadala. Mlungu wonse ankamufunsa ngati akudwala, n'kumamubweretsera tiyi wothira shuga wa iye mwini. Ameneyo ndi amene ndinamugwetsera mphutsi.

Matiresi anaotchedwa. Dzina ndiye silinapse. Sukulu yonse inayamba kumuitana kuti Khoswe, akamadutsa ena ankagwira mphuno. Anapirira teremu imodzi. Atabwera ku holide ya Khirisimasi anauza amayi ake kuti kaya amumenye, kaya atani, iye sabwererako. Alamu anayesa, abusa anayesa. Ine sindinaitanidwe. Malo amene mwana anawavutikira zaka zisanu ndi zitatu, akuwerengera pakhonde, anapita kwa wina. Pano amayendera sukulu ina chakufupi ndi kwawo. Akandiona amagwada, "Mwaswera bwanji ankolo," kenako amakumbukira kuti ali ndi mbale zotsuka.

Ndimanyansidwabe, osati ndi fungo lija ayi. Ndimanyansidwa ndi bambo wandevu amene anaopseza kamwana kuti aoneke wodziwa zinthu.

Inu owerenga amene muli ndi mwana wopita Fomu 1, chonde, kalata ya kusukulu muwerenge mpaka kumapeto. Mufunefune mwana amene akuphunzira pasukulu yomweyo panopa, ngakhale wa Fomu 2, mumugulire chakumwa, afotokoze yekha mmene kulili. Ndipo musadzauze mwana kuti asauze munthu kanthu. Muuzeni kuti chikamuvuta, kaya n'chochititsa manyazi bwanji, apite kwa wamkulu tsiku lomwelo. Akapezeka wachibale wodzipereka kulangiza, mufunseni kaye dzina la hositelo imene ankagona.

Mng'ono wake wa Tadala alemba Sitandade 8 chaka chino. Mwezi watha ndinakwera ku Manje ndi buku la masamu kuti ndithandizeko. Achemwali analandira bukulo pakhomo ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, n'kundifunsa ngati njira ya ku siteji ndikuikumbukira.