Amalume Anali Kuseri kwa Ng'oma

Amayi anali ndi duku loyera limene ankavala ku tchalitchi kokha. Ankalichapa padera, n'kuligoneka pansi pa mphasa kuti liwongoke. Ndinaliona likutuluka pakati pa sabata kamodzi kokha, m'chilimwe china chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, ine ndili kamtsikana kosadziwa n'kupalasa njinga komwe.

Anayambitsa ndi aphunzitsi athu. Pochokera ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia, anatulukira kwathu fumbi lili mbuu m'miyendo. Anauza amayi kuti pa baraka ina kumeneko, malo omwera mowa, pafika anyamata a ku Zambia oyimba rege, ndipo woyimba ng'oma wawo akufanana ndi mlongo wawo wa amayi. "Sindikulumbira ayi," anatero, "koma munthuyo ndinakula naye."

Amalumewo ine ndinali ndisanawaonepo. Anthu a mfuti anawatenga ku dimba nthawi ya nkhondo akadali mnyamata, banja lonse n'kuthawira ku Malawi. Atabwerako, abale anafuna kumeta maliro, koma amayi anakanitsitsa. "Sindingamete mutu chifukwa cha munthu amene manda ake sindinawaone," ankatero.

M'mawa mwake anamanga duku lija, n'kundikweza pa kaliyala. Lero ndikudziwa chimene ananditengera: mayi wa mpingo kulowa yekha m'baraka, mudzi ukanamudya chaka chonse. Tsiku lonse tinali pa msewu, miyendo yanga itachita dzanzi. Pa zitunda ankatsika n'kumakankha njinga, milomo ikugwedera ndi pemphero.

Tinafika dzuwa likulowa. Barakayo inali kanyumba ka malata ndi bwalo lotchingidwa ndi udzu. Kuseri kunkalira jeradoro, makina opangira magetsi, ndipo fungo la petulo linasakanikirana ndi la mbuzi yootcha. Oyendetsa makamiyawu, malole akuluakulu onyamula katundu, anali atadzaza mabenchi. Pakhomo amayi anakweza dzanja ngati akufuna kuvula duku, kenako analisiya, tinalowa.

Nyimbozo sindinazimve ndi makutu okha. Gitala wa mawu aakulu ankandigunda m'chifuwa ngati munthu akusinja m'kati mwanga. Anthu sankavina modumpha ngati kwathu, ankangoyenda ndi mapewa pang'onopang'ono, maso ali tsinzi. Woyimba ng'oma anakhala kumbuyo kwenikweni, atawerama, tsitsi lalitali ngati zingwe litaphimba nkhope. Nyimbo inatha, ina inayamba, nkhope osaoneka. Amayi anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zinandilowa. Ndikaganiza tsopano, chimene ankaopa kwambiri n'chakuti munthuyo adzutse mutu n'kupezeka kuti ndi mlendo.

Kenako jeradoro anatsokomola n'kuzima. Babu linathima, magitala anangoti zii, anthu n'kuyamba kudandaula. M'kamdima kameneko amayi, amene sankakweza mawu ngakhale pokalipira mbuzi, anafuula dzina la paubwana limene agogo okha ndiwo ankawaitanira amalume.

Ndinamva kamtengo koyimbira ng'oma kakugwa pansi. Wina anayatsa tochi. Munthu uja anali ataimirira, akukankha tsitsi ndi manja onse awiri.

"Achemwali?" anatero. "Achemwali, muli moyo?"

Amayi anakhala pansi pomwepo, pa fumbi lothirikira mowa. Ankaseka, misozi ikutsika, akumenya pansi ndi chikhatho. Amalume anagwada n'kuwauza kuti nkhondo itatha anapita ku mudzi wakale, anapezako mitengo ya mango yokha ndi tchire, ndipo munthu wina anawauza kuti banja lonse linathera m'njira. Sanadziwe kuti tinamanga kwina.

Magetsi atayakanso, anzawo anawaitana kuti amalize ntchito. Mwini baraka anapatsa amayi mpando wake. Anakhala chiwongokere pakati pa anthu a mowa, ndipo ndinaona phazi lawo likugunda pansi motsatira ng'oma. Amalume sanaweramenso.

Anabwera kwathu mvula isanagwe, nakhala nafe mpaka titabzala. Ine ndinali ndi mafunso odzaza dengu: anthu a mfuti aja anapita nawo kuti, ankadya chiyani kutchire, anawachititsa zotani. Ndikangoyamba, amayi ankandituma kumadzi. Iwowo ankangowafunsa amalume ngati akhuta, ngati bulangete likukwana, ngati mutu sukuwawa ndi tsitsi lonselo. Ndinkawakwiyira mumtima, poganiza kuti munthu wamkulu ngati iwo waiwala kufunsa chinthu chofunika.