Tsiku Limene Bambo ndi a Jowakimu Anakaonera Filimu ya Kubwezera

Ndikukumbukira chaka chimene kaseti ya filimu ija inafika kwathu ku Milange, itawoloka Ruo pa njinga ya munthu wogula nyemba. Nkhondo yapachiweniweni inali itangotha kumene, ine ndili kamtsikana koyamba sukulu mochedwa. Filimuyo inali ya asilikali obwera kuchokera ku nkhondo, amene anayamba kusaka mmodzimmodzi anthu onse amene anawazunza. Ankaionetsa m'chisakasa cha nsungwi kuseri kwa msika, jenereta ikulira, utsi wake ukusakanikirana ndi fungo la chimanga chootcha. Ine ndinaionera pakampata ka nsungwi ndi diso limodzi mpaka khosi linauma.

Tauni yonse inasanduka akatswiri. Anyamata onyamula katundu pa malire ankati filimu yotere sinaonekepo chiyambire. Akatekisiti ankati ndi ya Satana, ngakhale ankaidziwa bwino mpaka mathero ake.

Koma ine inandisowetsa mtendere. Bambo anga anali msilikali, ndipo anabwerako ndi chipsera chachikulu pantchafu. Oyandikana nafe nyumba, a Jowakimu, analinso msilikali, koma wa mbali inayo. Mwana wawo Selina anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. M'mutu mwanga nkhani inali yachidule: bambo akangoiona filimuyo akumbukira mwendo wawo, ndipo Selina akhala wamasiye. Ndinkapemphera ndithu kuti jenereta ija ipse.

Sinapse. Lamlungu lina masana bambo anavala jekete, n'kuima pampanda. "Vizinyu," anatero poitana a Jowakimu, kutanthauza woyandikana naye nyumba, "tiyeni tikaone zimene akuti tinkachita." Ndinawatsatira chapatali.

Anakhala benchi limodzi. Mfuti zitayamba kulira ndinatsinzina, koma chimene ndinamva ndi phwete la a Jowakimu.

"Kodi ameneyu zipolopolo akumunyamulira ndani?" anafunsa iwo.

"Taonaninso nsapato zake, zonse ziwiri n'zofanana," anatero bambo. "Nkhondo yake ya kuti imeneyi, yopanda njala, yopanda nsabwe?"

Anyamata anadandaula kuti madala akusokoneza, koma awiriwo anali atayamba kale kugundana zigongono. Pamene mkulu wa asilikali aja analumbira kuti sadzapuma mpaka adani ake onse atatha, bambo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi jekete.

Pobwerera ndinalimba mtima. "Papa, inu simufuna kubwezera?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana a Jowakimu amene anali patsogolo akusenda nzimbe ndi mano. "Amene anapanga filimu ija sanatopepo, mwana wanga. Munthu wochokera kumene kuja amangofuna madzi osamba ndi khasu. Nanga ndikawapha awa, nandolo wanga ndithyola ndi yani?" Ndinathamanga kukamupeza Selina, ndipo sanamvetse chifukwa chimene ndinamupatsira mango anga onse.

Masiku ano ana anga amaonera mafilimu pafoni, aliyense payekha, ndipo amayamba awerenga zimene akatswiri akutali alemba asanaganize zawo. Pamene panali chisakasa chija pano amagulitsapo matayala a njinga zamoto. Dzina la filimu ija ndinaliiwala kalekale. Chimene sindiiwala n'chakuti bambo atamwalira, woyamba kufika kumanda ndi khasu anali a Jowakimu, ndipo anakana kuti mnyamata aliyense awalandire khasulo.