Dzanja la mayi a Tadala

Chizindikiro choyamba chinaoneka tikusoka fodya m'chigafa, kwathu ku Nsaru. Dzanja lamanja la mkazi wanga, mayi a Tadala, linangoti lende, ndipo mawu awo sankamveka bwino. Patapita mphindi zochepa anali bwinobwino. Ine ndinati n'kutopa chabe.

Zinachitikanso kanayi nyengo imeneyo, kawiri ali ku kwaya. Anandipempha kuti tipite kuchipatala, koma ine ndinkangoti tidikire fodya apite kumsika. Tsiku limene tinapita, ndinachita kuwanyamula, mwendo ndi dzanja lamanja zitafa.

Kuchipatala cha mishoni ku Namitete anatitumiza ku Lilongwe, kumene anawajambula mutu. Dokotala anatifotokozera kuti mitsempha yopititsa magazi ku ubongo inafinyika, moti magazi ankadutsa ochepa. Anandifunsa kuti, "Bambo, kodi zinayamba liti?" Nditawauza, analemba papepala. Kenako anati, "Kufooka kuja kunali chenjezo. Mbali ya ubongo imene yawonongeka sitingaibwezeretse, koma yotsalayo tingaiteteze."

Anati opaleshoni yake kuno sachita. Dzina la mayi a Tadala linalembedwa pamndandanda wa odwala opita kunja, ndipo tinadikira miyezi isanu ndi iwiri. Mwezi uliwonse tinkakwera minibasi kukatenga mankhwala, n'kukhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Foni ikalira, tonse tinkayang'anana.

Uthenga utafika, mayi a Tadala anapita ku India ndi mng'ono wawo, ine n'kutsala ndi ana. Kumeneko madokotala anatenga mtsempha wa pafupi ndi khutu n'kuulumikiza ndi wa mu ubongo, kuti magazi apeze njira yolambalala potsekeka paja. Anabwera patatha milungu isanu atametedwa mbali imodzi ya mutu, akuyendera ndodo.

Tsopano papita zaka ziwiri. Kufooka kwadzidzidzi sikunabwererenso. Amayenda okha mpaka kutchalitchi, amayankhula pang'onopang'ono koma timamvana. Zala zokha sizinachire. M'mawa uliwonse ndine ndimawamanga mpango kumutu, ndipo sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Anzanga, wina kunyumba kwanu akafooka dzanja, pakamwa pakapotoka, kapena mawu akasokonekera, ngakhale zitatha zokha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mkazi wanga ananena nthawi ilipo. Amene anachedwa ndine.