Mukumenyera timu iti, achimwene?

Mwezi wathawu ndinalowa m'nyumba yoonetsera kanema pa Nsaru podikira kuti minibasi idzaze. Ankaonetsa ragibi, mpira uja wooneka ngati papaya, umene anthu amathamanga ataukumbatira n'kumagwetsana. Mphunzitsi wina amene ndinakhala naye pabenchi anandiuza kuti masiku ano timu yovala zofiira ikakumana ndi yovala zobiriwira, ina imauzidwa kuti ivale zoyera, chifukwa pali anthu amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Iye ankanena moseka. Ine sindinaseke, pakuti mmodzi mwa anthu amenewo ndine.

Ndinabadwa choncho. Chofiira ndi chobiriwira kwa ine ndi mtundu umodzi, wonga dothi la pachulu. Ndili mwana bambo ankandikwapula chifukwa chothyola matimati osapsa kudimba, ankati ndi mwano. Ndinaphunzira kuyamba ndafinya ndi chala ndisanathyole, ndipo ndinaphunziranso kutseka pakamwa. Nditakwatira n'kukakhala chikamwini kufupi ndi Nsaru, akazi anga anandigwira chaka choyamba chomwe, m'chigafa, ndikusakaniza fodya wobiriwira ndi wabwino. Sanauze munthu. Kuyambira pamenepo iwo ankasankha, ine n'kumamanga.

Mkamwini pamudzi pa eni ake ntchito yake ndi khasu, pa nkhani zina safunsidwa. Chimene chinandipatsa ine dzina ndi wezulo. Wezuloyo anali wa timu ya pamudzipo, wachitsulo, wa chingwe chakuda, ndipo anandipatsa chifukwa malamulo ndinkawadziwa komanso sindinkamwa. Mpira wakumudzi masiku amenewo unalibe vuto: timu ina inkavula malaya, ina n'kukhala chivalire. Ovala ndi ovula, ngakhale ine ndinkawaona bwinobwino. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankandiitana mpaka ku Mpingu ndi ku Nambuma, ndikupalasa njinga wezulo ali pachifuwa. Apongozi aamuna, amene kale ankangoti “mkamwini uja”, anayamba kunena kuti “alefa athu”. Ndisaname, mawu amenewo ndinkawakonda kuposa nyama.

Ndiye kunabwera chaka cha chisankho. Bambo wina amene ankafuna uphungu anaika chikho, ndipo matimu awiri amene anafika ndime yomaliza anawagulira majezi. Timu ya kwathu kuchikamwini inalandira ofiira. Anzathu ochokera chakufupi ndi Kabudula analandira obiriwira. Alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, ndiwo anali kaputeni, ndipo anayala majezi onse awiri pamkeka kuti ndione kukongola kwake. Ndinayamikira ndithu, koma kusiyana kwake sindinakuone. Ndinkaona mulu umodzi.

Sabata imeneyo ndinayesa zonse. Ndinapempha kuti timu imodzi ivule monga mwa nthawi zonse.

“Alamu, mwayamba liti kumwa?” anatero kaputeni. “Majezi atsopano, abwana ali pampando, ife n'kumathamanga mimba zili pamtunda?”

Ndinati nanga bwanji athu amange kansanza koyera pamkono. Anandiseka mpaka kugwira nthiti. Ndinaganiza zonamizira malungo, koma apongozi anali atalengeza kale pambuyo pa mapemphero kuti chikho chonsecho woyimbira ndi mkamwini wawo. Akazi anga ndiwo anandilimbitsa mtima.

“Anyamata a pamudzi pano mumawadziwa nkhope onse,” anatero. “Amene simukumudziwa ndiye mlendo. Chovuta n'chiyani, bambo?”

Nzeru imeneyo ndinaigwira ndi manja awiri, ndipo inanditengera mpaka pabwalo. Kumeneko ndi kumene inafera. Pa mpira wa chikho, matimu akumudzi amakabwereka osewera m'tauni, aganyu, n'kumati ndi adzukulu a pamudzi. Athu anabweretsa asanu kuchokera ku Lilongwe, nkhope zimene sindinazionepo chibadwire. A ku Kabudula nawonso onse anali achilendo kwa ine. Nditaima pakati pa bwalo ndinawerenga anthu amene ndinkawadziwa, anakwana asanu ndi mmodzi basi. Ena onsewo anali khamu limodzi lovala dothi.

Chigawo choyamba ndinayimbira ngati wakuba. Ndinkaona kumene munthu akuthamangira, amene akumupatsira mpira, amene akumutukwana akalakwitsa. Ndinaloweza miyendo: uyu wa sitokingi imodzi ndi wathu, uyu wopanda nsapato ndi wawo. Munthu akagwetsedwa ndinkayimba wezulo n'kuyamba ndawerama ngati ndikuona ngati wavulala, kudikira kuti wina atole mpira andisonyeze mbali yolozera. Thukuta linali kamukamu, osati la dzuwa ayi. Popuma zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi, ndipo apongozi anandikwezera chipewa ali pampando wawo.

Atasinthana magolo zonse zimene ndinaloweza zinatembenuka. Kunali mwezi wa fumbi, miyendo yonse inasanduka mtundu umodzi, ndipo aja a sitokingi anazitsitsa. Ndinkangopemphera kuti nthawi ithe. Ndinayang'ana wotchi kambirimbiri mpaka munthu wina panja anakuwa kuti kodi alefa akudikira minibasi.

Kutatsala mphindi zitatu, a ku Kabudula anapeza kona kugolo lathu. Anthu onse anaunjikana pakhomo pa golo. Mpira unabwera m'mwamba, mikono iwiri inakwera pamodzi, ndipo umodzi unaumenya mpirawo. Ndinali pafupi, ndinaona bwino lomwe: anali mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano. Wezulo analira ndisanaganize n'komwe.

Bwalo lonse linakuwa kuti wagwira, koma aliyense ankaloza mnzake. Athu ankati wagwira ndi wobiriwira. A ku Kabudula ankati ndi wofiira, penate. Oyimbira m'mbali anali mmodzi wa kuno, mmodzi wa uko, ndipo aliyense ankagwedezera nthambi yake kwawo. Amene anaona zoona ndinali ine ndekha. Ngati wachipserayo anali wa alendo, mpira unali wathu, nkhani yatha. Ngati anali waganyu wathu, inali penate. Iye anaima patsogolo panga, manja m'chiuno, duu, jezi ili poyera kuti aliyense aione. Mwana wa zaka zitatu akanatha kundiuza.

Ndinafunafuna akazi anga ndi maso. Ankagulitsa zitumbuwa patsinde pa mtengo wa mango, koma anthu anali atadzaza mpaka pamzere, sindinawaone. Ndinayang'ana jezi ija mpaka maso kutuluka misozi, ngati kuti ndikalimbikira mtundu ubwera. Mumtima ndinati Ambuye, kamodzi kokha, lero lokha. Sunabwere.

Ndikanatha kungolozera mbali ya kwathu. Apongozi akanasangalala, ndipo wezulo akanakhala wanga mpaka lero. Mkono unayamba kukwera ndithu. Koma zaka zonsezo anthu ankandiitana chifukwa sindinkalota poyimbira, ndipo mkonowo unandilemera. Ndinamuyandikira mnyamatayo, ndinayesa kunong'ona, koma mawu anatuluka okwera.

“Mukumenyera timu iti, achimwene?”

Amene anali pafupi anatembenuka onse. Alamu anga anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

“Mwati bwanji, alamu? Simukuona kuti ndi wathu ameneyu? Chofiira ichi simukuchiona?”

“Sindikuchiona,” ndinatero. “Sindinachionepo.”

Kenako ndinaloza pa penate. Anamwetsa, ndipo chikho chinapita ku Kabudula pa thirakitala, akuimba nyimbo zotinyoza.

Sanandimenye, ngakhale ena anatola miyala. Mwina kumenyedwa kukanapepuka. M'mawa mwake anandiitanitsa pakhonde pa apongozi, komiti ya timu ili pomwepo. Ena ankati ndinalandira kanthu, ena ankati ndinalawa kachasu. Nditafotokoza za maso anga, alamu anakatenga matimati awiri n'kuwaika pambale, akuti ndiloze lakupsa osakhudza. Bambo wa ana anayi, ndinaima pamenepo kuyang'ana matimati, anthu akudikira. Ndinaloza. Kuseka kumene kunabuka kunandiuza kuti ndaphonya.

Akazi anga anadzuka pamene anakhala, nagwada pamaso pa bambo awo.

“Musawaseke,” anatero. “Fodya yense amene mumawatama naye uja ndimasankha ndine. Akanafuna kunama dzulo akananama, inu simukanadziwa.”

Apongozi anatambasula dzanja osandiyang'ana, nati, “Mkamwini, bweretsani wezulo wa anthu.” Ndinavula chingwe chija m'khosi, chinakola khutu, ndinachita kuchikoka. Kuyambira tsiku limenelo sindinayimbirenso mpira, ngakhale wa ovala ndi ovula. Ana a pamudzi ankati ndikamadutsa ndi khasu amafunsana mokweza kuti, “Iwe, ukumenyera timu iti?” Ena mwa iwo lero ali ndi zidzukulu, ndipo akaledzera amandifunsabe.

Tsiku lija pa Nsaru minibasi inadzaza n'kundisiya. Ndinakhalabe pabenchi kuonera ragibi, ena atavala zoyera, ena zakuda bii. Malamulo ake sindiwadziwa ngakhale limodzi, koma mpaka mpira kutha sindinasokoneze munthu ndi mmodzi yemwe. Kansanza koyera pamkono ndi kamene ndinapempha chaka chija, basi. Wina atamugwetsa moipa pafupi ndi mzere, mphunzitsi uja anandigwira mkono n'kufunsa ngati ndikumva kupweteka pamtima. Dzanja langa linali pachifuwa, likufufuza chingwe.