Batoni ya Esinati

Ndikukumbukira bwalo la sukulu yathu ku Dzivarasekwa, lopanda udzu, fumbi lake lolowa mpaka m'mano. Ndinali mu giredi sikisi, ndipo ndinkathamanga nawo mpikisano wa anthu anayi wopatsirana kandodo. Aphunzitsi athu a masewera, a Moyo, kandodoko ankakatcha batoni. Dzina lachizungu ndithu, koma kanali kachidutswa ka mpini wa tsache kopakidwa penti yofiira.

Ine ndinali womaliza. Wondipatsira anali Esinati wa mumsewu mwathu, nayenso mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi. Ankathamanga wopanda nsapato. Ena ankakuwa m'Chishona popatsirana, koma iye ankangonena chapansipansi kuti, "Gwira, mwali." Matenda anga anali kucheuka. Ndikangomva mapazi kumbuyo, khosi linkapotoloka lokha, batoni n'kugwa. A Moyo anachita kusasa nane mawu: "Dzanja kumbuyo, maso kutsogolo! Ukadzacheukanso ndikuchotsa m'timu."

Kutatsala masabata awiri kuti tipikisane ndi masukulu ena, Esinati anadwala m'mimba. Amayi anandiuza kuti ndikamuone, ine ndinati ndipita mawa. Mawa lakelo tinamva kulira maliro kwawo.

M'malo mwake anaikamo Rudo, mwana wovala nsapato zoyera za matenesi. Tsiku la mpikisano dzuwa linali paliwombo. Nditaima pamzere wanga, phokoso la ana linangoti zii, ngati wina watseka wailesi. Ndinamva mapazi opanda nsapato akubwera. Ndinayamba kuthamanga, dzanja kumbuyo. Batoni inagwera m'dzanja langa yozizira, yonyowa.

"Gwira, mwali."

Sindinacheuke. Ndinaliyatsa liwiro mpaka kumapeto.

Rudo tinakamupeza atakhala pansi pokhota pa njira yothamangiramo, kutali ndi mzere wanga, bondo likuchucha magazi. Anandipepesa akulira, akuti anapunthwa, batoni n'kumupulumuka, ndipo sanaone kumene inagwera. Ine n'kuti ndili nayo m'manja. A Moyo anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine. Zakuti tinawina kapena ayi anakangana akuluakulu, ine sindinazimve.

Masiku ano pabwalo paja anamangapo makalasi, ndipo ana amapatsirana batoni yachitsulo yogula m'tauni. Mantha anandithera kalekale. Chimene chimandiwawabe n'chimodzi. Masiku onse aja ndinkacheuka popanda chifukwa, koma tsiku limene Esinati anabwera kwa ine, ine amene sindinapite kwa iye, ndinamvera a Moyo.