Chidindo cha pa boda

Chaka changa chomaliza ku yunivesite, laibulale inatipatsa pasiwedi yowerengera pa kompyuta zolemba za akatswiri a m'mayiko ena. Aphunzitsi ambiri sanaikhudze n'komwe. Amene ankayang'anira kafukufuku wanga anali bambo wachikulire wovala tayi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala, ndipo lamulo lawo linali limodzi: pepala lililonse lomwe ndagwiritsa ntchito likhale ndi chidindo cha laibulale. Za pa kompyuta ankati ndi mphekesera.

Ine ndinkalemba za matenanti a m'maesiteti a fodya ku Mkanda, komwe bambo anga anathera msana. M'mashelefu munali buku limodzi lokha pa nkhaniyi, lodyedwa ndi chiswe, lonena kuti matenanti amakhala mosangalala. Ndikanakopera zimenezo, digiri inali yanga. Koma bambo anga ndikanawayang'ana ndi maso ati? Ndinakana.

Pa holide, ndili kwathu komwe kunalibe intaneti, ndinapalasa njinga mpaka pa boma, n'kukwera matola kupita ku boda. Kumeneko msuweni wanga ankagwira ntchito mu ofesi yokonza mapepala a katundu wa mathiraki, ndipo anali ndi kompyuta ya intaneti. Tsamba limodzi linkachedwa kutseguka mpaka madalaivala a ku Chipata ankachita kutsonya pa zenera. Sindinasunthe. Ndi pasiwedi ija ndinapeza zolemba zinayi zonena zomwe ndinaziona ndi maso anga ndili mwana.

Koma dzanja la msuweni wanga linazolowera kudinda chilichonse chotuluka mu printa. Ndisanatsegule pakamwa, anali atadinda masamba onse, pha pha pha.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi aja anaona inki yabuluu pa tsamba lililonse, anagwedeza mutu, n'kuyamba kuwerenga. Anayamikira kwambiri, n'kundiuza kuti ndaona tsopano ubwino wa zinthu zodindidwa. Chidindocho sanachiwerenge.

Ndikanatha kukhala chete, n'kutuluka ndi siginecha yawo pa kafukufuku wanga. Koma mtima unandiwira.

"Bwana, chidindocho si cha laibulale. N'cha pa boda, chimadinda mapepala a mathiraki a feteleza. Zomwe mwayamikirazo zachokera pa kompyuta ija mumaikana."

Anakonza magalasi, anasendeza pepala kufupi ndi mphuno, anawerenga chidindo chija kawiri. Kenako anangoti ndibwere Lachisanu. Ndinatuluka ndikudziwa kuti zaka zinayi mwina ndazitaya ndi pakamwa panga. Ndinachita mantha, inde, koma sindinadandaule.

Lachisanu ndinapeza atasaina, mutu wonena za matenanti uli momwemo, osachotsamo mzere ndi umodzi womwe. Nditafika pakhomo anandiitananso. Anandikankhira kapepala, n'kufunsa chapansipansi, maso ali pa tebulo, ngati ndingawalembere pasiwedi ija.

Ndinawalembera. Ndinawauzanso kuti akafuna chidindo, matola a ku boda amanyamukira pa boma.